Magetsi a mphepo asathere m'njira: kuyerekeza njira 6 zochepetsera kutayika pa mawaya

Mphepo yabwino simakonda kuwomba kumene kuli anthu. Imapezeka m'zigwa zopanda mitengo, pamwamba pa zitunda ndi pakati pa nyanja, pomwe mizinda ndi mafakitale zili kutali makilomita mazanamazana. Amene akumanga malo opukusa magetsi ndi mphepo, komanso amene akuyendetsa giridi (mawaya onse ofikitsa magetsi kwa ogula) yoti ilandire magetsiwo, funso lawo ndi limodzi: pa magetsi onse opukusidwa, ofika kwa wogula akhala ochuluka bwanji?

Magetsi amatayika m'njira ziwiri zomwe anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi kutentha. Karenti (magetsi odutsa m'waya) ikamayenda, waya amatentha, ndipo kutenthako ndi magetsi omwe palibe adzawalipire. Lamulo lake ndi louma: karenti ikawirikiza kawiri, kutayika kumawirikiza kanayi, ikawirikiza katatu, kutayika kumawirikiza ka 9. Ku United States magetsi othera m'mawaya onse, aakulu ndi aang'ono omwe, ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo pa dziko lonse chiwerengerocho chimayandikira 8 peresenti.

Yachiwiri ndi kuimitsa makina a mphepo dala, mphepo ili kuwomba bwinobwino, chifukwa waya wadzaza. Uku ndiye kutaya kopweteka. M'chigawo cha Gansu ku China, mu 2016, magetsi okwana 43 peresenti mwa omwe mphepo ikanapukusa anatayidwa motere. Ku Texas mu 2009 anali 17 peresenti. Ndikutsindika kusiyanaku poyambirira chifukwa njira zina zili m'munsimu zimachepetsa kutaya kwachiwiriku koma n'kuwonjezera koyamba, ndipo ogulitsa zipangizo sakonda kuitchula mbali imeneyo.

Mphepo ilinso ndi khalidwe lake lomwe limakulitsa vutoli. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe ili nayo imawirikiza ka 8, motero magetsi ake amabwera mwamkupamkupa. Tiyerekeze waya wonyamula mamegawati 50 tsiku lonse, ndi wina wonyamula mamegawati 100 kwa maola 12, maola enawo ali chete. Onse anyamula magetsi ofanana, koma wachiwiriyo wataya kuwirikiza kawiri. Amene amawerengera kutayika potengera avareji ya chaka amadzinamiza yekha.

Zoyezera

Njira iliyonse ndaiyika pa sikelo zinayi. Mtengo: osati wogulira wokha, koma ndalama zonse poyerekeza ndi magetsi opulumutsidwa pa zaka zonse zomwe chipangizo chikhale chikugwira ntchito. Kupezeka: opanga alipo angati, mudikira nthawi yaitali bwanji, zilolezo zitenga zaka zingati. Kusamalira: pafunika amisiri otani, ndipo kangati. Zoopsa: chingalakwike n'chiyani, ndipo chikalakwika magetsi athima kwa masiku kapena miyezi.

Musanawerenge mopitirira, khalani ndi mayankho atatu m'manja: mtunda kuchoka pa makina kufika kumene magetsi akufunika, kaya njirayo ndi ya pamtunda kapena pansi pa madzi, ndiponso maola angati pa chaka omwe waya amene alipo amadzaza. Funsaninso kuti wolipira magetsi otayika ndani. Ku Australia, bungwe loyendetsa msika wa magetsi la AEMO limawerengera chaka chilichonse gawo lotayika la malo aliwonse opukusa magetsi, ndipo ndalama zomwe mwini wake amalandira zimadulidwa molingana. Kumeneko mwini makina ali kutali amamva yekha kuwawa kwa mtunda. Kumene kutayika kumagawidwa kwa ogula onse, chidwi chochepetsa chimakhala kwa woyendetsa giridi.

1. Waya watsopano wa volteji yokwera

Iyi ndi njira yakale, ndipo pa mtunda wapakati palibe yoiposa. Kuti munyamule mphamvu yomweyo, volteji (mphamvu yokankha magetsi m'waya) ikakwera karenti imatsika. Kuchoka pa 132 kV (kV imodzi ndi mavolti 1,000) kufika pa 400 kV, karenti imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, kutayika n'kutsala gawo limodzi mwa 9 pa waya wofanana.

Mtengo: ndi wokwera. Texas inamanga mawaya a 345 kV otalika pafupifupi makilomita 5,800 pa ntchito yotchedwa CREZ, ndipo inawononga ndalama zoyandikira madola 7 biliyoni. Koma zotsatira zake zinaoneka: ntchito itatha, kuimitsa makina kuja kunatsika kuchoka pa 17 peresenti kufika pansi pa 1 peresenti mu 2014.

Kupezeka: luso lake ndi lodziwika kulikonse, makontirakitala ndi ambiri. Chovuta ndi malo. Kukambirana ndi eni minda, zilolezo ndi milandu zimatha kutenga zaka 10 m'mayiko ambiri, pamene makina a mphepo amaimikidwa m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mathiransifoma akuluakulu nawonso masiku ano amadikiritsa zaka.

Kusamalira: n'kosavuta. Kudula mitengo m'mphepete, kuyendera nsanja, kusintha ma insulator (zotchinga magetsi pakati pa waya ndi nsanja) osweka. Waya wotere amakhala zaka 40 kapena kuposerapo.

Zoopsa: chachikulu ndi kuchedwa. Ku Lake Turkana ku Kenya, makina onse 365 a mamegawati 310 anali ataimikidwa kale mu 2017, koma waya wa makilomita oposa 400 wopita ku Suswa anamalizidwa mu Sepitembala 2018. Chaka chonse ndi miyezi, mphepo inkangodutsa. Vuto lina n'lakuti waya wamkulu akakhala wopanda katundu, monga nthawi yomwe mphepo yaleka, volteji imakwera kumapeto kwake, ndiye pamafunika zida zoiletsa.

Ndipatukeko pang'ono. Lamulo la volteji limagwiranso ntchito m'kati mwa malo opukusira momwemo. N'chifukwa chake minda ya makina ya panyanja yasiya nthambo za 33 kV n'kuyamba za 66 kV. Komanso makina aliwonse amakhala ndi thiransifoma yakeyake, yomwe imadya magetsi usana ndi usiku ngakhale kulibe mphepo. Imodzi imadya pang'ono, koma zikakhala 100 kwa zaka 25 nkhani imasintha. Mayiko a European Union anakhwimitsa malire a kutayika kwa mathiransifoma kuyambira mu Julayi 2021. Pogula, yerekezani kutayika kwa thiransifoma ili yopanda katundu, osati mtengo wokha.

2. HVDC

HVDC ndi magetsi a DC a volteji yokwera. Apa magetsi amasinthidwa kuchoka ku AC (magetsi amasiku onse, osinthasintha mbali yolowera) kupita ku DC (oyenda mbali imodzi), n'kuyenda ulendo wonse motero, kenako n'kubwezeredwa ku AC akafika. Sizatsopano ayi: waya woyamba wamalonda analumikiza chilumba cha Gotland ndi dziko la Sweden mu 1954, wonyamula mamegawati 20 okha. Lero China ili ndi waya wa Changji kupita ku Guquan, wa 1,100 kV, wotalika pafupifupi makilomita 3,300, wonyamula mamegawati 12,000. Wina wa 800 kV, wotsegulidwa mu 2017, amatenga magetsi ku Jiuquan m'chigawo cha Gansu chomwe chija kupita nawo ku Hunan.

Pa volteji zoterezi waya amataya pafupifupi 3 peresenti pa makilomita 1,000 aliwonse. Koma siteshoni yosinthira magetsi iliyonse imadyako gawo lake, loyandikira 1 peresenti, ndipo masiteshoniwo amakhala awiri. Ndiye pa mtunda waufupi HVDC imataya kuposa AC. Apa mpamene ambiri amagwa.

Mtengo: masiteshoni ndi odula koopsa, waya wake ndiye wotsikirapo. Pamtunda, masamu amayamba kukomera HVDC penapake pakati pa makilomita 600 ndi 800. Pansi pa madzi malirewo amatsika kwambiri, kufika pakati pa makilomita 50 ndi 100, chifukwa nthambo ya AC imadzaza ndi kukhuthula magetsi maulendo 50 kapena 60 pa sekondi, ndipo ikatalika karenti yongodzazayo imalanda malo a magetsi enieni. Malirewa si mwala. Ku Britain, Hornsea One, munda wa makina a mphepo wa panyanja, ili makilomita pafupifupi 120 kuchoka kugombe koma inasankha AC, n'kumanga nsanja pakati pa ulendo yoti izichotsa karenti yosafunikayo. Dogger Bank, munda wina womwe uli patalipo pang'ono kuchoka kugombe, inasankha HVDC.

Kupezeka: opanga masiteshoni odziwika ndi owerengeka, monga Hitachi Energy, Siemens Energy ndi GE Vernova, kuphatikizapo makampani a ku China. Opanga nthambo zake nawonso ndi ochepa, Prysmian, Nexans ndi NKT ali m'gulu la akuluakulu, ndipo mafakitale awo amakhala atalandira kale maoda a zaka zingapo kutsogolo. Malo nawonso amavuta kwambiri. SuedLink ya ku Germany, ya makilomita pafupifupi 700 ndi mamegawati 4,000, yoti izitenga magetsi a mphepo kumpoto kupita kum'mwera, inkayembekezeka kutha mu 2022. Anthu atakana nsanja, lamulo la 2015 linati nthambo zoterezi zikwiriridwe pansi, njira yonse inajambulidwanso, ndipo tsiku lomaliza linasunthira ku 2028.

Kusamalira: pamafunika mainjiniya odziwa zida zenizenizo, makina oziziritsa, ndi mgwirizano wa nthawi yaitali ndi wopanga. Mukagula, mwakwatirana naye.

Zoopsa: nthambo ikaduka pansi pa nyanja, kupeza sitima yokonzera ndi kudikira nyengo yabwino kumatenga masabata, mwina miyezi. Zida zowongolera siteshoni zimathanso kusamvana ndi za makina a mphepo, monga zinachitikira pa BorWin1, HVDC yotenga magetsi a mphepo ku nyanja ya North Sea kupita nawo ku Germany, pomwe magetsi anaima kwa miyezi yambiri mu 2014. Komanso HVDC ili ngati msewu wopanda mphambano: kulumikizapo malo ena pakati n'kodula.

3. Kusintha waya pa nsanja zomwezo

Waya wamasiku onse ali ndi chitsulo pakati ndi aluminiyamu kunja. Watsopano ali ndi mtima wa kaboni, wopepuka kuposa chitsulo, ndipo timawaya take ta aluminiyamu tinapangidwa mwakuti tigwirane popanda mipata. Pa kunenepa komweko mumalowa aluminiyamu wochuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, choncho karenti imadutsa mosavutikira. Sagweranso pansi kwambiri akatentha.

Mtengo: mita iliyonse ndi yodula kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi waya wamba, koma ntchito yonse nthawi zambiri imatsika mtengo kwambiri kuposa kumanga njira yatsopano, poti nsanja ndi malo zilipo kale.

Kupezeka: chaka chimodzi ndi theka mpaka zitatu, zilolezo zochepa. Vuto ndi lakuti waya ayenera kuthimitsidwa pogwira ntchito, ndipo waya amene mukufuna kusinthayo ndi yemwe giridi imamudalira kwambiri. Ku Texas anasinthapo mawaya a 345 kV osathimitsa, koma zimenezo zimafuna akatswiri apadera ndi ndalama zowonjezera.

Kusamalira: sikusiyana kwenikweni ndi waya wamba, kupatula kuti zolumikizira zake ndi zapadera, ndiye musunge zina.

Zoopsa: mtima wa kaboni ukapindidwa mopitirira pokoka, umathetheka m'kati osaoneka kunja. Amisiri osaphunzitsidwa asaugwire.

Ndipo apa pali chikomekome cha mkuyu. Mudzamva kuti wayayu amanyamula kuwirikiza kawiri, komanso kuti amachepetsa kutayika. Zonse n'zoona, koma osati nthawi imodzi. Ngati waya watsopano amakana karenti mochepera ndi 25 peresenti, inu n'kudutsitsamo karenti yowirikiza kawiri, kutayika kukhala katatu kuposa kale. Onjezanipo kuti aluminiyamu akatentha amakana kwambiri, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Waya woyenda pa madigiri 150 amataya kuposa gawo limodzi mwa atatu pamwamba pa woyenda pa madigiri 50, karenti ili yofanana. Sankhani chomwe mukugula: malo owonjezera kapena kutaya kochepa.

4. Kukonza reactive power

Mu AC muli karenti ina yomwe imangopita ndi kubwerera pakati pa zipangizo osagwira ntchito iliyonse kwa wogula, komabe imatenthetsa waya ngati inzake; mphamvu yongopita ndi kubwererayi ndiyo reactive power. Mainjiniya amayeza kuchuluka kwake ndi nambala yotchedwa power factor, yomwe imakhala 1 karentiyi ikakhala kulibe, n'kumatsika ikachuluka. Ikakhala 0.95, kutayika kumakwera ndi 11 peresenti poyerekeza ndi pamene ili 1. Ikatsika kufika pa 0.9, kumakwera ndi 23 peresenti. Mankhwala ake ndi kupereka reactive power pafupi ndi pomwe ikufunika, kuti isayende ulendo wautali.

Mtengo: makapasita, zida zosavuta zoperekera reactive power, ndi otsika mtengo kuposa zida zina za ntchitoyi. STATCOM, chida chamagetsi a kompyuta chogwira ntchito yomweyo, ndi yodulirapo koma imayankha msanga mphepo ikasintha. Synchronous condenser, makina aakulu ozungulira opanda mafuta, ndi odula kwambiri ndipo nawonso amadya magetsi, koma amalimbitsa giridi yofooka. South Australia inayika anayi mu 2021 pa chifukwa chimenechi. Musaiwale kuti makina a mphepo amakono amatha kupereka reactive power okha kudzera m'ma inverter awo (zida zosinthira DC kukhala AC). Nthawi zina chofunika ndi kungokonza masetingi ndi kulemba bwino mgwirizano wolumikizira.

Kupezeka: ogulitsa ndi ambiri, ndipo zimayikidwa mu siteshoni yomwe ilipo kale.

Kusamalira: makapasita pang'ono chabe, STATCOM imafuna odziwa zamagetsi a kompyuta, makina ozungulira amafuna chisamaliro cha jenereta.

Zoopsa: makapasita oyikidwa popanda kafukufuku wokwanira amatha kuyambitsa kunjenjemera kwa magetsi. Kum'mwera kwa Texas mu 2009, makina a mphepo atatsala olumikizidwa ku waya wokhala ndi makapasita otsatizana naye, volteji inagwedezeka mpaka zipangizo zinawonongeka mbali zonse ziwiri.

5. Kuyeza mphamvu ya waya molingana ndi nyengo

Malire a karenti yomwe waya angathe kunyamula kawirikawiri amawerengedwa poganizira tsiku loipitsitsa: dzuwa lili phwee, kamphepo kosaposa mita imodzi pa sekondi. Koma tsiku lomwe makina akupukusa kwambiri, mphepo yomweyo imaziziritsanso waya. Njira iyi imayika zoyezera pa waya, n'kumasintha malire aja ola ndi ola. Kampani yoyendetsa giridi ya Belgium, Elia, yakhala ikuchita izi kwa zaka zambiri, ndipo ku United States lamulo la FERC, bungwe la boma loyang'anira magetsi, lotchedwa Order 881 la mu 2021 linalamula kuti malire azitsatira kutentha kwa mpweya.

Tinene mosabisa: njirayi sichepetsa kutentha kwa waya, imakuwonjezera. Karenti ikakwera ndi 20 peresenti, kutayika kumakwera ndi 44 peresenti. Phindu lake ndi lakuti magetsi omwe akanatayidwa onse poimitsa makina amafika, kungoduka pang'ono m'njira.

Mtengo: wochepa kwambiri. Kupezeka: miyezi chabe. Kusamalira: zoyezera, netiweki yotumizira uthenga, ndi anthu a m'chipinda choyendetsera giridi omwe ali okonzeka kukhulupirira manambalawo. Zoopsa: waya yense amatengera chigawo chake chotentha kwambiri. Kachigawo kamodzi kobisika kuseri kwa phiri, kapena komwe mphepo ikuwomba motsatira waya m'malo momudutsa, kamagwetsa phindu lonse. Ndipo ngati chodzaza ndi thiransifoma, osati waya, palibe chomwe mwapindula.

6. Mabatire

Maganizo ake ndi osavuta: sungani magetsi mphepo ikachuluka, muwatulutse ikachepa, waya azinyamula katundu wofanana. Chitsanzo chodziwika ndi Hornsdale, siteshoni ya mabatire ku South Australia, pafupi ndi makina a mphepo, yomwe inayamba mu 2017 ndi mamegawati 100 n'kukulitsidwa kufika pa 150 mu 2020.

Koma batire nalo limadya. Pa mayunitsi 100 olowa mu batire la lithiyamu, otuluka amakhala 85 mpaka 90. Kupopera madzi pamwamba kuti adzapukuse magetsi pambuyo pake kumabweza 70 mpaka 80. Ngati waya wanu amataya 4 peresenti pa nthawi yodzaza, kudutsitsa magetsi mu batire kuti mupewe 4 ameneyo ndi kutaya 10 kapena 15. Batire limapindulitsa pokhapokha ngati magetsiwo akanatayidwa onse, kapena ngati adzagulitsidwa pa ola la mtengo wokwera, kapena ngati likulipidwanso pothandiza giridi kukhazikika. Hornsdale inatchuka makamaka ndi ntchito yomalizayi.

Mtengo: watsika ndi pafupifupi 90 peresenti kuyambira 2010, komabe ndi waukulu, ndipo umakula ndi maola osungira. Mabatire ambiri amasunga maola awiri mpaka anayi, pamene mphepo yamphamvu imatha kuwomba masiku atatu osapuma. Likadzaza, ladzaza.

Kupezeka: chaka chimodzi kapena ziwiri, malo ochepa.

Kusamalira: kuziziritsa, kuyang'anira maselo, ndi kuwonjezera kapena kusintha ena akayamba kufooka. Waya adzakwirira mibadwo iwiri kapena itatu ya mabatire.

Zoopsa: moto. Victorian Big Battery ku Australia inayaka poyesedwa mu 2021, ndipo pa mabatire a ku Moss Landing ku California panabuka moto waukulu mu Januwale 2025. Mipata pakati pa makontena ndi dongosolo la ozimitsa moto ziganiziridwe pojambula pulani.

Ndiye musankhe iti?

Ngati makina alipo kale ndipo simunayang'anepo power factor ndi mathiransifoma, yambirani pamenepo. Ndi pokhapo pomwe ndalama zochepa zimachotsa kutentha kwenikweni popanda kubweza ndi dzanja lina.

Ngati waya amadzaza maola owerengeka pa chaka, makamaka masiku a mphepo yozizira, yikani zoyezera nyengo, mutatsimikiza kuti chodzaza ndi waya. Ngati kudzazako kumabwera kwa maola awiri kapena atatu nthawi imodzi ndipo msika umalipira ntchito zokhazikitsa giridi, batire lili ndi malo ake. Popanda msika wotere, ine sindingaligule.

Ngati waya amadzaza kawirikawiri, nsanja zili zolimba, koma malo atsopano sangapezeke, sinthani waya, ndipo powerengera phindu gwiritsani ntchito karenti yomwe adzanyamuledi, osati ya lero.

Ngati dera lonse lili ndi mphepo ndipo mukudziwa kuti minda ya makina idzachuluka, pa mtunda wosafika makilomita 600, mangani waya wa AC wa volteji yokwera, ndipo ntchito yake iyambe makina asanayitanitsidwe. Kupitirira makilomita 800 pamtunda, ndi magetsi ochuluka ochoka malo amodzi kupita malo amodzi, HVDC ndiyo yoyenera. Pakati pa 600 ndi 800, funso likhale lakuti mudzafuna kulumikizapo malo ena m'njira kapena ayi. Ngati eya, khalani pa AC.

Panyanja, pansi pa makilomita 50 tengani AC ndi nthambo za 66 kV pakati pa makina. Kupitirira 100, pemphani mitengo ya njira zonse ziwiri, ya HVDC ndi ya AC yokhala ndi nsanja yapakati, ndipo wopanga aliyense alembe tsiku lomwe adzapereke zipangizo pambali pa mtengo wake.